Amene sali pabwalo ndiwo oyamba kuwafunafuna

Pafupifupi bungwe lililonse lopempha ndalama zoyendetsera masewero a achinyamata limalemba mawu ofanana: mpira umachotsa ana m'misewu, umawaphunzitsa mwambo, umayanjanitsa mitundu yodana. Mwina zina mwa izi ndi zoona. Koma umboni umene amapereka kawirikawiri umakhala wa mtundu umodzi. Afunsa ana amene akusewera, anawo ayankha kuti moyo wawo wasintha, lipoti latha. Akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu akhala akuunika masewero mwadongosolo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo chachikulu chimene aphunzira movutikira ndi ichi: aliyense amene mwamupeza pabwalo wadutsa kale pa sefa. Wina anamusankha, wina anamugulira nsapato, wina anamulola kuchoka pakhomo madzulo. Amene sefayo inawasiya sapezeka tsiku lofunsa mafunso, chonsecho yankho la funso lanu nthawi zambiri lili kwa iwowo.

Mu 1988 Loïc Wacquant, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Chicago, analowa kalabu ya nkhonya ku Woodlawn, dera la anthu akuda osauka kumwera kwa mzindawo. Sanapiteko ndi pepala la mafunso. Anavala magolovesi n'kumaphunzira nawo kwa zaka zitatu, kumenya ndi kumenyedwa, akabwerako n'kulemba zimene waona ndi kumva. Anthu ambiri ankaganiza kuti ankhonya amachokera kwa osaukitsitsa, amene alibiretu pogwira. Iye anapeza zina. Kalabuyo inkafuna munthu wofika tsiku ndi tsiku pa ola lake, wothamanga m'mawa, wodya mosamala kuti asapitirire sikelo yake, wogona msanga. Mnyamata amene sakudziwa kumene agone usikuwo sangakwanitse zimenezi, ndipo sachedwa kusiya. Otsala anali ochokera m'mabanja osauka ndithu, koma okhazikikako pang'ono. Tsono wina akabwera n'kuyerekeza ankhonyawo ndi anyamata ena a m'deralo, adzapeza kuti ankhonya ndi odziletsa kwambiri, n'kulemba kuti nkhonya imaphunzitsa mwambo. Mwina imaphunzitsadi. Koma ziwerengero zakezo sizingalekanitse mwambo umene kalabu yapereka ndi mwambo umene mnyamata anabwera nawo kuchokera kwawo.

Njira yokhalitsa pakati pa anthu ngati imeneyi ili ndi ubwino woti wofufuza amaona ndi maso ake amene abwera kawiri n'kusowa. Ilinso ndi misampha yake. Zimene mwaona muzilemba tsiku lomwelo, ndipo mawu a anthu muziwaika padera ndi maganizo anu, apo ayi pakatha chaka simudzadziwanso kuti ananena ndani. Msampha waukulu ndi khomo limene mwalowera. Mukalowera kwa kochi, osewera amakutengani ngati khutu la kochi, ndipo nkhani za malipiro ochedwa, za kusewera munthu ali wovulala, kapena za nkhanza, sizituluka. Zimatenga miyezi, komanso kucheza nawo kutali ndi bwalo, kuti ayambe kumasuka.

Fred Coalter, amene waunika kwa zaka zambiri mapulogalamu otukula achinyamata kudzera m'masewero, anachita chinthu chosavuta chimene ambiri amachidumpha. Anayeza achinyamata m'mapulogalamu a ku Africa ndi ku India poyamba, n'kudzawayezanso pambuyo pake. Mabungwe ankalemba kuti akuthandiza ana osadzidalira, koma miyezo yoyamba inaonetsa kuti ambiri mwa iwo ankadzidalira kale bwinobwino. Pomaliza ena anakwera, ena anatsika, ndipo avereji ya gulu lonse ikanabisa zonsezi. Ichi n'chifukwa chake sindikhulupirira lipoti limene likungopereka avereji osanena kuti ndi ana angati amene anabwerera m'mbuyo. Masewero amakhalanso ndi otsalira pabenchi, osekedwa akaphonya penate, ndi ochotsedwa m'timu anzawo akuona.

Njira yodalirika yozembera vuto la sefa lija ndi maere. Salma Mousa anaigwiritsa ntchito kumpoto kwa Iraq, pakati pa Akhristu amene anathawa kwawo chifukwa cha gulu la ISIS, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Anakonza ligi ya mpira ya miyezi iwiri. Timu iliyonse ya Akhristu inapatsidwa osewera oonjezera, ndipo maere ndi amene anasankha ngati oonjezerawo akhale Asilamu kapena Akhristu anzawo. Motero palibe anganene kuti matimu osakanikirana anali a anthu ofatsa kale. Sanadalirenso zapakamwa zokha, anayeza zochita. Kodi wosewera wavotera Msilamu wa timu ina kuti alandire mphoto ya khalidwe labwino? Kodi walembetsa kudzasewera m'timu yosakanikirana ligi ikadzayambanso? Kodi patatha miyezi isanu ndi umodzi akuchitabe zokonzekera pamodzi ndi Asilamu? Pa zonsezi, amene anasewera ndi Asilamu anasinthadi. Koma atapatsidwa mwayi wokadya ku lesitilanti ya ku Mosul, mzinda womwe anthu ake ambiri ndi Asilamu, kapena wopita kuphwando la anthu osakanikirana, sanasiyane kwenikweni ndi anzawo aja. Kukhulupirirana kunakula pa za mpira, n'kuthera pomwepo.

Matt Lowe anachita zofanana ndi kiriketi ku Uttar Pradesh, m'dziko la India, ndi amuna oposa 1,200 a magulu osiyana a caste, magulu amene munthu amabadwiramo, ena oonedwa apamwamba ena apansi. Kusewera timu imodzi ndi munthu wa gulu lina kunachulukitsa ubwenzi, pamene kulimbana naye ngati mdani wa tsikulo kunauchepetsa. Amene amakonza masewero a mtendere poika mtundu uwu mbali ino ndi mtundu uwo mbali inayo ayenera kulingalira kawiri. Akusankha dongosolo limene umboni ukuti limaononga.

Bungwe laling'ono lingathe kuyeza ntchito yake moona mtima popanda ndalama zambiri, bola liyambe pulogalamu isanayambe. Lembani mayina a onse amene apempha malo, pamodzi ndi nambala ya foni ya wachibale mmodzi, chifukwa nambala za achinyamata sizichedwa kusintha. Ngati opempha achuluka kuposa malo, ndipo kawirikawiri amachuluka, chitani maere poyera. Amene sanagweredwe ndiwo gulu loyerekezera nalo, ndipo muwalonjeze malo ulendo wotsatira. Yezani magulu onse awiri tsiku loyamba lisanafike. Sungani kaundula wa obwera tsiku lililonse la masewero. Pomaliza funafunani onse, ngakhale amene anasiya sabata yachiwiri, ndipo muwawerengere m'gulu limene maere anawaikamo. Mukawachotsa, mwabwezeretsa sefa ija ndi manja anu omwe. Ngati oposa mmodzi mwa asanu alionse asowa osapezeka, zotsatira zanu n'zokayikitsa ndipo muyenera kunena choncho.

Wofunsa mafunso asakhale kochi kapena wogwira ntchito m'bungwemo, chifukwa mwana amadziwa yankho limene likusunga pulogalamu yake. Sankhani miyezo yosadalira kukoma mtima kwa woyankha, monga kaundula wa kusukulu wosonyeza masiku amene mwana wajomba. Pali cholakwika china chimene ngakhale ophunzira bwino amagwamo. Ngati maere anagwera matimu osati anthu, mphamvu ya kafukufuku wanu ili pa kuchuluka kwa matimu. Matimu 10 a osewera 20 si anthu 200 oima paokha, poti osewera a timu imodzi ali ndi kochi mmodzi, bwalo limodzi ndi mbiri imodzi ya kupambana kapena kugonja. Ndi bwino kukhala ndi matimu ambiri ang'onoang'ono kusiyana ndi ochepa akuluakulu.

Kusankha kwina n'kobisika moti makochi eni ake sakuona, ngakhale akuchita ndi iwowo. M'zaka za m'ma 1980 Roger Barnsley ndi anzake ku Canada anayang'ana masiku obadwa a osewera hockey ya pa ayezi m'maligi apamwamba a achinyamata. Pafupifupi 40 pa 100 alionse anabadwa pakati pa Januwale ndi Malichi, ndipo pafupifupi 10 okha ndiwo anabadwa pakati pa Okutobala ndi Disembala. Chifukwa chake n'chakuti magulu a zaka amadulidwa pa 1 Januwale. Mwana wobadwa pa 3 Januwale ndi mnzake wobadwa pa 28 Disembala chaka chomwecho amaikidwa gulu limodzi, pamene wina waposa mnzake pafupifupi chaka chathunthu. Pa msinkhu wa zaka 10, wamkuluyo amakhala wamtali, waliwiro ndi wolimba pokankhana. Kochi amati waona luso, pamene waona msinkhu. Wosankhidwayo amapeza aphunzitsi abwino, masewero ambiri ndi anzake aluso, ndipo pofika zaka 15 amakhaladi waluso kuposa uja anasiyidwa, amene mwina anatayiratu mpira.

Umboni woti vuto ndi tsiku lodulira, osati nyengo yobadwira, ulipo wamphamvu. Ku England, kumene chaka cha masewero a ana chimayamba pa 1 Sepitembala, ochuluka m'masukulu a mpira ndi obadwa kuyambira Sepitembala mpaka Novembala. Ku Belgium anasuntha tsikuli mu 1997 kuchoka pa 1 Ogasiti kupita pa 1 Januwale, ndipo Werner Helsen ndi anzake anaonetsa kuti mwayi unasamuka nawo, kuchoka kwa obadwa kuyambira Ogasiti kupita kwa obadwa kumayambiriro kwa chaka.

Aliyense amene ali ndi kaundula wa ligi angathe kuyeza zimenezi. Gawani chaka m'zigawo zinayi za miyezi itatuitatu kuyambira pa tsiku lodulira, werengani osewera m'chigawo chilichonse, kenako yerekezani ndi mmene ana anabadwira m'dzikomo zaka zomwezo. Musangoganiza kuti chigawo chilichonse chiyenera kukhala ndi 25 pa 100, poti ana sabadwa mofanana miyezi yonse. Timu imodzi ya osewera 20 singakuuzeni kanthu, pamafunika mazana angapo. Samalaninso ndi zikalata. Kumene ana salembetsedwa atangobadwa, mapepala ambiri amangolembedwa 1 Januwale, choncho tsikuli muliwerenge padera. Kubera zaka nakonso kumasokoneza chithunzi, ndipo n'chifukwa chake FIFA inayamba kujambula dzanja la osewera ndi makina a MRI, oonetsa kukhwima kwa mafupa, pofuna kudziwa zaka zawo zenizeni pa chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 17 mu 2009. Mankhwala ena a vuto la tsiku lodulira ndi otsika mtengo modabwitsa. Ku Netherlands, David Mann ndi mnzake anaveka ana manambala a jezi motsata kukula, wamkulu kwambiri nambala 1, n'kuuza osaka luso tanthauzo la manambalawo. Kukondera obadwa koyambirira kunachoka. Kungowapatsa masiku obadwa papepala sikunathandize, poti munthu sangawakumbukire mpira uli mkati.

Tikakwera ku mpira wolipidwa, chithunzi chimene anthu ali nacho chimachokera kwa ochepa amene amaoneka pa kanema. Mu 2016 bungwe la osewera padziko lonse la FIFPRO linafunsa osewera pafupifupi 14,000 m'maiko 54. Osewera 45 pa 100 alionse ankalandira ndalama zosakwana madola 1,000 pamwezi, ndipo 41 pa 100 anali atachedwetseredwapo malipiro m'zaka ziwiri zapitazo. Komatu awa ndi amene anali ndi matimu, ofikirika kudzera m'mabungwe awo. Mnyamata amene dobadoba anamulonjeza mayeso ku Ulaya, banja n'kugulitsa katundu, iye n'kugwiritsidwa fuwa lamoto atafika, sapezeka m'kaundula wa bungwe lililonse. FIFA inaletsa mu 2001 kusamutsa osewera osakwana zaka 18 kupita kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, koma lamuloli limagwira okhawo odutsa m'njira zovomerezeka. Ofufuza monga Paul Darby, Raffaele Poli ndi James Esson, amene atsatira maulendo a osewera a ku Africa, amasiyanitsa mnyamata amene wafikadi kutimu koma akudyeredwa masuku pamutu, ndi amene mpira unali nyambo chabe, timu kulibe. Awiriwa amafuna thandizo losiyana, ndipo kuwaphatikiza kumatulutsa ziwerengero zikuluzikulu zopanda gwero.

Kuti mudziwe zimene sukulu ya mpira imachitadi pa moyo wa mwana, musayambire kwa amene zinawayendera. Pezani mndandanda wa onse amene analowa chaka chimodzi, tinene zaka khumi zapitazo, n'kuwatsata mmodzimmodzi. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo njira yofunsa munthu kuti akulozereni mnzake ili ndi bowo lake: anthu amaloza amene akulumikizana nawobe, pamene amene zinawavuta kwambiri amadula mafoni chifukwa cha manyazi. Mu lipoti lembani kuti ndi angati amene sanapezeke, ndipo musawaike m'gulu la amene zikuwayendera.

Kusowa kwa amayi ndi atsikana pabwalo kwakhala kukumasuliridwa kuti alibe chidwi. Mbiri ikutsutsa. Kumapeto kwa Disembala 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park ku Liverpool kukaonera timu ya amayi ya Dick, Kerr Ladies. Chaka chotsatira bungwe la mpira ku England linaletsa masewero a amayi m'mabwalo a matimu ake, ndipo chiletsocho chinatha patapita zaka pafupifupi 50. Ku Brazil lamulo la boma la 1941 linatsekera amayi mpira mpaka 1979. Ku United States, lamulo la Title IX la 1972 litaletsa tsankho m'masukulu olandira ndalama za boma, atsikana ochita masewero m'masukulu a sekondale anachoka pa osakwana 300,000 kufika pa oposa 3 miliyoni. Betsey Stevenson anagwiritsa ntchito kusiyana kwa zigawo za dzikolo n'kupeza kuti kumene mwayi wa atsikana unakwera kwambiri, amayi opita ku koleji ndi olowa ntchito anachulukako. Choncho kafukufuku akapeza kuti atsikana safuna masewero, funso lotsatira likhale lakuti bwalo amapatsidwa ola liti, pali posinthira zovala pokhoma, njira yobwerera kunyumba ndi yotetezeka, ndipo ndani akugwira ntchito zapakhomo pa nthawi imene anyamata ali ku mpira.

Pa nkhani ya nkhanza kwa ana m'masewero, kufunsa amene akusewera panopa kumapereka chiwerengero chotsika pa zifukwa ziwiri. Amene anazunzidwa ambiri anasiya, ndipo otsala akudalirabe wowazunzayo kuti awasankhe. Wofufuza Celia Brackenridge anaonetsa kuti chiopsezo chimakula mwana akatsala pang'ono kufika pamwamba, pamene wataya zambiri kuti afike pamenepo ndipo kochi ali ndi kiyi wa tsogolo lake. N'chifukwa chake Tine Vertommen ndi anzake anafunsa akuluakulu oposa 4,000 ku Netherlands ndi ku Belgium za masewero amene ankachita ali ana, kaya akusewerabe kaya anasiya kalekale. Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti 38 pa 100 anakumana ndi nkhanza za m'maganizo, 11 pa 100 zakuthupi, ndipo 14 pa 100 zokhudza kugonana. Kafukufuku wotere sayenera kuyamba popanda kukonzeratu kumene wofunsidwa angakapeze thandizo, ndiponso chochita ngati mwana waulula nkhanza zimene zikuchitikabe. Mafunso asafunsidwe kubwalo la timu, ndipo wofunsidwa auzidwe poyambirira penipeni pamene chinsinsi chimathera.

Nkhani ya ochemerera ili ndi vuto lake lapadera: zikalata zimene wofufuza amapeza zimalembedwa ndi mbali imodzi ya mkangano. Pa 15 Epulo 1989, pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield, Liverpool ikusewera ndi Nottingham Forest, anthu 10,100 a matikiti oimirira anayenera kulowera pa tizipata tisanu ndi tiwiri tokha. Kunja kutathithikana, apolisi anatsegula chipata chachikulu chotulukira, koma sanatseke kanjira kolowera m'zigawo ziwiri zapakati zimene zinali zitadzaza kale, zili ndi mpanda wachitsulo kutsogolo. Anthu 97 anafa chifukwa cha tsikulo. Nkhani imene inafala inali yoti ochemerera oledzera opanda matikiti ndi amene anakakamira kulowa. Gulu loima palokha limene linaunikanso zikalata zonse, momwe munali wofufuza Phil Scraton, linalengeza mu 2012 kuti zikalata 164 za umboni wa apolisi zinasinthidwa, ndipo 116 mwa izo zinachotsedwamo mawu osakomera apolisiwo. Mu 2016 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi lamulo, ndipo ochemerera analibe mlandu. Wofufuza amene akanangodalira mafayilo a boma akanalemba bodza kwa zaka zoposa 20, lili ndi umboni wooneka wokwanira.

Ngozi zikuluzikulu za m'mabwalo zimafanana mochititsa mantha. Ku Accra pa 9 Meyi 2001, pamasewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'malo okhala anthu zipata zili zotseka, ndipo anthu oposa 120 anafa. Ku Kanjuruhan m'dziko la Indonesia pa 1 Okutobala 2022 zinachitikanso chimodzimodzi, anthu 135 n'kufa, ngakhale malamulo a FIFA amaletsa utsi wotere m'bwalo. Ambiri safa chifukwa chomenyana. Amafa chifukwa chopanikizika pachifuwa mpaka kulephera kupuma, nthawi zina ali chiimire.

Zimenezi zimawerengeka masewero asanayambe, ndipo wofufuza za ochemerera ayenera kudziwa masamu ake. Malangizo a chitetezo m'mabwalo a ku Britain amati malo oimirira asapose anthu 47 pa masikweya mita 10 alionse, kachipata kamodzi kamalowetsa anthu osaposa 660 pa ola, ndipo njira yotulukira yosalala imadutsa anthu 82 pa mphindi pa mita iliyonse ya mulifupi mwake, koma pa masitepe 66 okha. Tizipata tisanu ndi tiwiri ta ku Hillsborough, pa mlingo umenewu, tikanafuna maola oposa awiri kuti tilowetse anthu aja. Chigawo cha anthu 5,000 chimene chiyenera kutulutsa onse m'mphindi zisanu ndi zitatu chimafuna zotulukira zokwana pafupifupi mamita asanu ndi atatu zikaphatikizidwa. Mukakhoma theka la zipatazo poopa olowa mwaulere, nthawi imawirikiza kawiri, ndipo utsi ukaponyedwa anthu sadikira. Musanalembe kuti ochemerera anachita zauchinyama, kayezeni zipata ndi tepi, funsani kuti makiyi anali ndi ndani, ndipo pezani chiwerengero cha matikiti amene anagulitsidwa.

Clifford Stott ndi Otto Adang anatembenuza funso lonse poyang'ana kumene ziwawa sizinachitike. Pa mpikisano wa Euro 2004 ku Portugal, oonerera ophunzitsidwa ankalemba mwadongosolo kuchuluka kwa apolisi ooneka, zovala zawo, ndi mmene akuchezera ndi ochemerera. M'mizinda ya masewero apolisi anali ovala wamba kapena yunifolomu ya masiku onse, akucheza ndi anthu, a zishango ali pafupi koma osaonekera, ndipo wina akalakwa ankagwidwa yekhayo. Ziwawa zinali zochepa kwambiri, ndipo ochemerera eni ake ankaletsa anzawo ofuna kuyambitsa ndewu. Chipolowe chachikulu chinabuka ku Albufeira, kumene kunali gulu lina la apolisi loyendera njira ina. Tanthauzo lake n'lakuti apolisi akamenya gulu lonse chifukwa cha anthu khumi, anthu mazana amene analibe nazo ntchito amayamba kuona khumi aja ngati anzawo. Kuona zimenezi kumafuna kuti wofufuza apite ku masewero ambiri amene atha mwamtendere, n'kulemba mosamala ngati mmene akanalembera tsiku la chipolowe.

Pali enanso amene masewero amawakhudza koma safika n'komwe kubwalo. David Card ndi Gordon Dahl anayerekeza malipoti a apolisi ndi zotsatira za ligi ya NFL ya mpira wa chimereka ku United States, n'kupeza mu 2011 kuti timu yakwawo ikagonja pamene aliyense amayembekezera kuti ipambana, nkhanza za amuna kwa akazi awo pakhomo zimakwera ndi pafupifupi 10 pa 100. Kugonja kumene kunali koyembekezereka sikunasinthe kanthu. Ku Lancashire, m'dziko la England, Stuart Kirby ndi anzake anaunika zikho za dziko lonse za 2002, 2006 ndi 2010, ndipo anapeza kuti malipoti ankakwera ndi 26 pa 100 England ikapambana kapena kufanana mphamvu, ndi 38 pa 100 ikagonja.

Ziwerengero zimenezi zimafuna kusamala pozigwira. Mpira suyambitsa nkhanza m'banja momwe munalibe. Umangopereka tsiku kwa munthu amene ali kale ndi khalidwelo. Malipoti a apolisi amawerenga okhawo amene aimba foni, ndipo kampeni yochenjeza anthu nthawi ya mpikisano ingachulukitse oimba popanda nkhanzazo kuchuluka. Masewero amachitikanso kwambiri kumapeto kwa sabata, pamene malipoti amakhala okwera kale, choncho Loweruka la mpira liyerekezedwe ndi Loweruka lopanda mpira la nyengo yomweyo, osati ndi Lachiwiri. Ola nalonso n'lofunika. Ria Ivandić, Tom Kirchmaier ndi anzawo atagwiritsa ntchito malipoti a ku Greater Manchester osonyeza nthawi yeniyeni ya foni iliyonse, anaona kuti nkhanza zimatsika masewero ali mkati, n'kuyamba kukwera atatha, kufika pachimake patapita maola angapo. Kukweraku kunali pa milandu imene wolakwayo anali atamwa mowa, makamaka masewero akayamba masana n'kusiya tsiku lonse lomwera. Wopempha ziwerengero kupolisi apemphe za ola ndi ola, zosonyeza ngati panali mowa ndiponso ngati awiriwo akukhalira limodzi kapena anasiyana, ndipo azifananitse ndi za mabungwe osunga amayi othawa nkhanza, amene amalandira ambiri osafika kupolisi.